Chiphaso ndi Mkono wa Rudel

Lolemba, 4 Malichi

Kalata yafika. Bungwe lopereka ziphaso landilola kulemba mayeso a uphungu pa 22. Digiri ilipo. Zaka ziwiri zogwira ntchito moyang'aniridwa zakwana, Mayi Schjang, abwana anga, anasaina. Kalata ya kupolisi yoti ndilibe mlandu, ilipo. Atsala mayeso basi. Ndikakhoza, anthu ndiziwaona pandekha, popanda wondisainira kumbuyo ngati mwana. Imvi zayamba, ine ndikadali woyang'aniridwa.

Chimwemwe sichinafike ndi masana omwe. Norla wabweranso kunyumba yathu yobisa amayi othawa nkhanza. Nsagwada yothyoka, achipatala amanga ndi mawaya. Kumsana mikwingwirima ya chikwanje. Rudel, mwamuna wakeyo, amamenya ndi pamimba pa chikwanje kuti aziti sanateme munthu. Ndam'mwetsa msuzi wa nsomba pang'onopang'ono. Mawu akutulukira m'mano: "Achemwali Idalia, ulendo uno sindibwererako."

Ndalemba momwe wanenera. Chaka chatha ndinalembanso zomwezi.

Lachitatu, 6 Malichi

Kuwerenga ndisanapite kuntchito. Mafunso onse mtundu umodzi: phungu achite chiyani choyamba? Mayankho anayi, onse ooneka abwino. Ine ndimasankha kuthamanga, buku likuti yamba wafunsa. Ndalakwa ambiri. Mutu waukulu.

Masana kumsika ku Christiansted. Pobwera ndapeza matayala awiri aphwa, otemedwa m'mbali. Rudel tsidya la msewu, atatsamira mpanda, akusenda bango ndi mpeni. Sanathawe. Anachita kundikodola. "Iwe wamabukuwe, mkazi uja ndi wanga. Ukapitiriza kumubisa, nanenso ndikubisa."

Ndakanena kupolisi. Khoti linamuletsa kale kuyandikira Norla.

Alphonso, mlongo wanga, wabwera ndi matayala akale a kugalaja kwake. Pomanga wangoti, "Ndikamuone kamodzi kokha, Ida?" Ndakana. Banja lino likhale loyera mpaka pa 22.

Loweruka, 9 Malichi

Ndilemba momwe zachitikira.

Ndinam'perekeza Norla kuchipatala kukaonetsa mawaya aja. Potuluka, poimika magalimoto, dzuwa lili paliwombo. Rudel sindinamuone. Anatulukira kuseri kwa lole. Anam'gwira Norla tsitsi n'kumuwombetsa nkhope pachitseko cha galimoto yanga. Phokoso lake sindiliiwala. Mawaya anang'amba milomo, magazi pagalasi, magazi pa ine. Ndinakuwa. Ndinam'gwira malaya, iye chigongono pakamwa panga, dzino pansi. Pamene ndimadzuka n'kuti atam'ponda Norla pakhosi ndi bondo, dzanja likufufuza mpeni m'thumba la buluku. Miyendo ya Norla ikupalapasa ngati nkhuku yodulidwa.

Sipanala ya matayala, Alphonso anaisiya pansi pa mpando. Sindikukumbukira kutsegula chitseko.

Pamkono. Unathyoka ngati nzimbe. Anagwera kumbali, akukuwa ngati mbuzi. Paphewa. Mpeni unali utagwa kale, Norla atapuma kale, iye ali chagada, dzanja labwino atakweza kupempha. Ndinamenyanso. Panthiti. Alonda akanapanda kundigwira ndikanafika kumutu.

Ndipo zinandikoma. Pano pokha ndi pomwe ndinganene.

Lamlungu, 10 Malichi

Atitsegulira milandu tonse awiri. Wake waukulu, wanga wovulaza munthu. Makamera a pamalopo anajambula zonse, ndi komaliza kuja. Andidinda zala, andijambula ndi mlomo wotupa, andimasula pa belo. Kutchalitchi sindinapite.

Alphonso pobwera kudzanditenga: "Mlongo, sipanala yanga ija ndi yomasulira matayala, osati nthiti." Ndinaseka, bala la mkamwa n'kutsegukanso. Kenaka kulira m'galimoto mpaka kunyumba. Iye akungoyendetsa.

Lachiwiri, 12 Malichi

Mu ofesi ya Mayi Schjang. Anatseka chitseko, anavula magalasi. Mayi amene aja anayamba ntchitoyi ine ndili ku pulayimale, pamkono ali ndi chipsera cha botolo.

"Koyamba ndi kachiwiri, Idalia, ndikanamenya nawe limodzi. Kachitatuko ndiye nditani nako? Ndine ndinasaina kuti mutu wako ndi wozizira."

Ayenera kudziwitsa bungwe, nanenso ndiyenera kudzinenera ndekha. Ntchito ndayamba ndaima. Norla ndi mboni pa mlandu wanga, choncho kumuona ayi, kumuimbira ayi. Loya wanga wanenanso zomwezo, mochita kugogoda patebulo: musayandikire, musaimbe, akaimba musayankhe.

Ndinafunsa ngati Norla wadya. Akuti wasokedwa milomo, wagona.

Potuluka ndinaponya kapu yanga kukhoma la m'khitchini. Amayi awiri amene amasenda mbatata pamenepo anabisala pansi pa tebulo. Amayi othawa nkhonya, ine kuwaswera kapu pamutu. Ndinatola zidutswa ndi manja. Ndadzicheka.

Lachisanu, 15 Malichi

Bungwe layankha. Mayeso ndilembe, koma chiphaso chidikira mlandu. Ndikapezeka wolakwa adzakhala pansi n'kuona. Palibe chokhota pamenepo, ndikanakhala iwo ndikanatero.

Buku patebulo. Tsamba lomwelomwelo kuyambira m'mawa. Dotolo wa mano akufuna ndalama zomwe ndilibe, ndiye ndizingoseka chotseka pakamwa.

Lolemba, 18 Malichi

Wabwerera.

Rudel anatuluka pa belo, mkono m'chikhakha. Norla anachoka kunyumba yobisa amayi ija dzulo m'mawa, bedi atayala bwinobwino. Akukam'sambitsa. Akukam'phikira, iye mwini sangathe kutafuna.

Loya wandiwerengera zomwe Norla wakauza apolisi. Akuti ankangokambirana za m'banja, ine n'kuwalumphira. Akuti kuyambira kale ndinkam'kakamiza kuthetsa banja. Nkhope anadziwombetsa yekha pothawa ine.

Mbale zonse za mayi anga, pansi. Buku la mayeso ndaling'amba pakati, msana wake wolimba, ndachita kuponda ndi phazi. Sizinakwane. Ndinatenga hamala, ndinayendetsa mpaka ku Frederiksted, ndinaima pansi pa mtengo wa bwemba moyang'anana ndi nyumba ya Rudel. Sindikudziwa kuti ndimafuna mutu wa ndani. Mwina onse.

Norla anatuluka ndi beseni. Kuyanika malaya a Rudel, amodziamodzi, kuwawongola makolala. Nkhope ngati papaya loponderezedwa. Pokweza manja malaya ake anakwera, ndinaona mikwingwirima yatsopano, yofiira. Mkati mawu: "Norla! Madzi!" Anasiya beseni n'kuthamanga. Kuthamanga ndithu.

Hamala ndinaiika pansi pa mpando. Ndabwerera. Bukulo ndalimata ndi selotepi.

Lachinayi, 21 Malichi

Ndege ya pamadzi kupita ku chilumba cha St. Thomas, mayeso ndi kumeneko. Ndasanza ulendo wonse. Chipinda chotchipa pafupi ndi doko. Mayi Schjang atumiza uthenga: "Ukawerenge funso lonse usanamenye." Sindikudziwa ngati amaseka.

Lachisanu, 22 Malichi

Foni, chikwama, ngakhale ndolo, zonse m'kabati. Kakompyuta, kampando, kuzizira ngati mosungira maliro. Maola anayi.

Chapakati, funso: mayi womenyedwa wakuuzani kuti akubwerera kwa mwamuna wake, muchite chiyani choyamba? Ndinaliyang'ana mpaka zilembo kuvina. Yankho ndimalidziwa. Lemekezani chosankha chake, konzani naye njira yothawira zikadzavuta. Ndinadina mwamphamvu moti woyang'anira anadzutsa mutu.

Pomaliza galasi la kompyuta linayera, kenaka mawu. Ndakhoza.

Mtsikana amene anakhala pambali panga analephera, amalira pamakwerero, ndinam'gwira paphewa. Ine mumtima mbee. Ndinagula chitumbuwa cha nsomba yamchere padoko, ndinadyera mbali yopanda bala. Alphonso pafoni anakuwa mpaka anthu kucheuka. Mayi Schjang anangoti, "Ndimadziwa. Tsopano ukhale phee mpaka mlandu uthe."

Phee. Chabwino.

Loweruka, 23 Malichi

Ndafika kunyumba cha m'mawa. Chakumadzulo ndimasesa zidutswa za mbale zomwe zinatsalira kuseri kwa firiji, foni n'kulira. Nambala yachilendo. Ndinayankha.

Norla. Ali kupolisi ku Frederiksted.

Amakazinga nsomba za nkhomaliro. Rudel akuti mafuta achuluka, n'kumumenya ndi chikhakha chomwecho m'khutu. Iye ananyamula chiwaya chonse n'kumukhuthulira kumaso. Rudel atagwa, Norla anatenga mpeni wopalira nsomba. Sakudziwa kuti anam'baya kangati. Aneba ndiwo anam'landa. Rudel ali kuchipatala, maso onse apita, za moyo sakunena.

Mawu ake osanjenjemera ngakhale pang'ono. "Achemwali, ndinakunamizirani. Anandiuza zonena atandiika mpeni pamimba, koma pakamwa panali panga. Sindikuti mundikhululukire. Mungobwera mudzakhale nane. Ndilibe wina. Magazi ake akadali m'tsitsi."

Ndaimbira loya. Wakalipa. Ndikangoponda pamenepo ndaswa belo, akhoza kunditsekera, ndipo aziti ndine ndinam'tuma. Chiphaso ndiiwale. "Mayi Idalia, mwakhoza dzulo lomweli. Musawotche nyumba denga mutafolera kale."

Ndaimbira Mayi Schjang. Atumiza phungu wina Lolemba, lero palibe. Lolemba! Ndinati mwanayo agona masiku awiri ndi magazi m'mutu. Iwo anatsitsa wailesi yawo. Kenaka: "Ngati abwana ako ndikukuletsa, ndipo ukapita ndidzalemba kuti ndinakuletsa. Amavala saizi yanji?"

Ndakhala pansi m'khitchini, tsache pamiyendo. Zaka zonse zija. Sukulu ya madzulo, ngongole, mayi anga kumwalira ndili m'kalasi. Munthu wake ndi yemweyu amene amafuna kundimangitsa. Ndam'tukwana mokweza, mayina onse amene ndimawadziwa, nyumba yopanda munthu. Mkwiyo sunathe. Ulipo.

Diresi yabuluu, thaulo, sopo, chipeso. Zili m'jumbo.

Pakhomo la polisi akandifunsa dzina, ndikawapatsa lenileni. Akandifunsanso kuti ndine ndani wake. Pamenepo sindinapeze chonena. Alphonso ali panja, waliza hutala kachiwiri, ndikaganizira m'njira