Mpando Umodzi Kositira

Lolemba, 6 Okutobala
Miyendo yatupanso, nsapato zachita kulowa mokakamiza. Abwana agula mpando umodzi wokha m'chipinda chathu chositira zovala za alendo a pahotela, n'kuupereka kwa mtsikana amene ndimagwira naye ntchito, uja timamutcha Mafashoni. Eti poti anakomoka sabata yatha. Ine ndine wamkulu kwa iye, ndipo ndinayamba kuimirira muno iye asanadziwe n'komwe kugwira simbi. Zandiwawa, ndisaname.

Lachiwiri, 7 Okutobala
Tsiku lonse Mafashoni ali khale, akupinda matawulo, akudzikupiza ndi kachidutswa ka katoni. Ine nthunzi kumaso, thukuta lili kamukamu. Kenako ati, "Asisi, miyendo ili bwanji?" Ndati ili bwino. Amafunsa kuti atani nayo?

Lachitatu, 8 Okutobala
Bambo a kunyumba akuti, "Inu simudandaula, ndiye abwanawo adziwa bwanji?" Kodi mpando ndi wa okomoka okha? Chabwino, tiona.

Lachinayi, 9 Okutobala
Ndimati ndigwe lero, koma pansi panali ponyowa.

Lachisanu, 10 Okutobala
Ndagwa. Ndinayamba ndazimitsa simbi, n'kusankha pafupi ndi mulu wa matawulo. Amene anakuwa ndi Mafashoni. Anandipukuta kumaso akulira, mpaka kundiperekeza kuchipatala, ine maso chitsinzinire, manyazi atandigwira.

Nesi anandiyeza BP kawiri, nkhope n'kusintha. "Mayi, mutu sumakupwetekani?" Umapweteka chaka chonsechi, ine ndinkati ndi nthunzi chabe. Akuti BP yanga ndi yokwera kwambiri, ndizimwa mapiritsi moyo wanga wonse, ndipo ndikapitiriza kuimirira pamoto paja ndidzafa ziwalo. Ndinapita kukanama, ndabwerako ndi matenda enieni. Ndili ndi mantha.

Lamlungu, 12 Okutobala
Mafashoni anabwera kudzandizonda atavala diresi ina yatsopano. Ngakhale pozonda odwala!

Lolemba, 13 Okutobala
Abwana akuti mpando wachiwiri sagula, womwewu ukhale wa amene wadwalitsa. Mafashoni anadzuka pampandopo. Anaupukuta ndi dzanja n'kuukankhira kwa ine. "Khalani, asisi."

Ndakhala. Mpando wake ndi wabwinodi, miyendo yapuma.

Iye watenga simbi yanga. Chamasana ndinaona akusita ndi dzanja limodzi, linalo atagwiririra tebulo, milomo itayera. Ndinamuitana kawiri, sanamve. Ndinadzuka n'kukaima kumbuyo kwake, ndipo mpaka poweruka pampandopo sipanakhale munthu.