Diresi ya Mwiche Bafuna Kuiotcha

Aphungu,

Ndine telala pa msika wa Chawama, ndipo pa makina sinidzichepetsa, kusoka nimadziwa. Bamuna banga ba Chibwe banamwalira chaka chatha. Mwana wathu Mwiche, wa giredi teni, sanagwetse msozi pa maliro. Kuchokera apo anangoti zii, kudya movutikira, maso pa foni basi.

Nitafufuza n'napeza kuti amaonera makatuni a ku Japan, aja bamati anime. Ni nkhani ya mtsikana wovala vakuda amene mizimu inamulamula kutunga misozi ya banthu mu mtsuko moyo wake wonse, iye osaloledwa kulira, osakhala na mnzake. N'naonera naye, ine mayi mkulumkulu n'kumapukuta m'maso chifukwa cha katuni!

Kutauni kunabwera mpikisano wovala ngati banthu ba m'makatuni. Mwiche anayang'ana vovala vanga vakuda va maliro vimene n'nali n'tangovula, nati, “Mami, nisokeleni diresi ya mtsikana uja na nsalu iyi.” Kwa bapongozi banga mwambo ni wakuti vovala va namfedwa vimaperekedwa kuchimuna kuti bakaotche. N'nali kudziwa, koma n'nadula.

Aphungu, diresi inatuluka! Mwiche anakwera pa siteji na kamtsuko m'manja, ndipo pamenepo, pamaso pa gulu, analira batate bake koyamba. Anapambana. Manje amadya, amaseka, mpaka kunisereula kuti nasokera mphepo zaka zonsezi.

Chithunzi chake cha pa siteji chinafika kwa mlamu wanga ba Katongo, mlongo wa malemu. Bakuti taseweretsa maliro, ndipo Loweruka babwera kudzaotcha diresi. Ine manyazi nilibe, nimanyadira. Koma sinifuna mwana ataye banja la batate bake. Nichite bwanji?

L.C., Chawama

Mayi L.C.,

Nyadirani, mwachita zimene mankhwala sakanachita. Koma musadzinamize: mwambo munaudziwa, lumo n'kulowetsa osapempha. Ba Katongo nawonso ndi ofedwa. Iwo sanaone mwana akuchira, anangoona nsalu ya maliro a mlongo wawo ikuwomberedwa m'manja pa siteji.

Musadikire Loweruka, pitani kwawo mawa. Tengani wamkulu wa kwanu, mukagwade, mukapepese chifukwa chosapempha. Za kusokako musapepese, ndipo za mphotho musatchule n'komwe, kunyada kwanu kusiyeni pa geti. Afotokozereni mmene Mwiche analili chaka chonse. Ambiri amene amakalipa pa zithunzi sanakhalepo ndi mwana wosalankhula m'nyumba.

Telala sataya zidutswa, ndikudziwa zilipo m'thumba pansi pa makina. Sonkhanitsani zonse zotsala, mupemphe kuti mwambo uchitike pa zimenezo, diresi ikhale ya mwana wa malemu. Akavomera, Mwiche akawavalire azakhali akewo m'nyumba, awauze yekha nkhani ya mtsikana wa mtsuko.

Akakanitsitsa, musalimbane nawo pabwalo anthu akuonerera. Bwererani mukakhale pansi ndi Mwiche, mumuuze zonse, asankhe nanu. Ngati diresi ipita pamoto, aipereke ndi manja ake.

Chenjezo langa ndi ili: musaipereke mobisa iye ali kusukulu pofuna kugula mtendere. Ba Katongo adzakukhululukirani, koma Mwiche adzatsekanso pakamwa, ndipo ulendo uno adzakhala atatsekera inu.

Aphungu