Njerwa Zako Zabwerera M'nkhuti

Nkaya Siteshoni,
P.O. Balaka.
Febuluwale, 1973.

Mwana wanga Uladi,

Salaam aleikum. Ndayamba ndi kufunsa za moyo wako ku Joni kumeneko. Chifuwa chija chinakusiya? Akukudyetsani mokwanira? Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundikana. Mkazi wako Zaina alipo, koma waonda. Mwana wako Binti wadzuka, wayamba kumwa phala.

Akulemba ndi Che Jasten, mnansi wathu wosintha njanji uja. Dzanja ndi lawo, mawu ndi anga. Ndawauza kuti asakometse, ndipo akatha andiwerengera kuti ndimve ngati abapo kanthu.

Sadiki sindinamutchule. Waona kale. Khala pansi.

Mwana wako wamwamuna tinamuika mwezi wathawu. Anatentha thupi madzulo, kutacha anayamba kukomoka, maso atatembenuka. Zaina anamubereka, tinakwera sitima ya ku Balaka, koma mwana anatsirizikira m'njira. Mayi wake anamva kumsana kuti kwazizira, koma anamuberekabe mpaka tinatsika. Kuchipatala anangotiuza kuti anali malungo, tinabwerera naye.

Ndinamusambitsa ndine. Sanda inali yatsopano, ashehe anaswalitsa, anthu anabwera ambiri. Wagona pafupi ndi mayi ako. Pamenepo usade nkhawa, zonse zinayenda m'njira yake.

Tsopano umve za nkhuti.

Ukukumbuka ponyamuka unandiuza kuti ndikuumbire njerwa, ukadzabwera udzamange nyumba ya malata. Ndinaumba. Dothi ndinakumba kuseri kwa khitchini ya Zaina, poti ndi pokhapo pali dothi logwira. Ndinawotcha ndekha, njerwa zinapsa bwino, ukagogoda zimalira ngati belu la pa siteshoni. Odutsa pa njanji ankaima kufunsa kuti uvuni umenewu ndi wa yani, ine ndinkayankha kuti ndi wa mwana wanga wa ku Joni.

Nkhuti yomwe inatsala inali yondifika m'chifuwa. Mvula itagwa inadzaza, madzi anasanduka obiriwira. Dzuwa likamapendeka udzudzu unkalira pamenepo ngati anthu akuchita zikiri kutali. Ana ankadzuka nkhope zili zitupsa zokhazokha.

Kunabwera wa zaumoyo, dzina lake Blasius, mnyamata wa kabudula ndi sokosi zofika m'mawondo. Anabwera ndi a Pitala, tcheyamani wa chipani m'mudzi muno. Anayendera chimbudzi, thandala, dzenje la zinyalala, sanapeze chonena. Atafika pa nkhuti anati ndikwirire msanga, akuti ndikuweta udzudzu ngati nkhuku.

Ndinati iyayi. A Pitala anati wokana ukhondo akukana chitukuko, ndisamale pakamwa. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa khadi yanga ya chipani, ndinawaonetsa. Ndinati khadi ndi iyi, msonkho ndinakhoma, misonkhano sindijomba, koma nkhuti iyi mwini wake ali pa ulendo, ndipo siikwiriridwa iye asanabwere. Blasius anaseka. Ndinamufunsa ngati kusukulu anawaphunzitsa kuseka akulu, anasiya.

Chifukwa chake sindinakuuzepo. Agogo ako, bambo anga, anakumba nkhuti ya dothi lomatira nyumba, nanyamuka kupita ku Halale nyumbayo isanathe. Mbuzi itagweramo, amalume anakwirira nkhutiyo. Chaka chomwecho mbiri ya bambo inaleka kumveka. Sanabwerenso, ndipo manda awo sitiwadziwa. Amayi anga mpaka tsiku lakufa ankanena kuti tinawakwirira amoyo.

Ashehe akuti zimenezi m'Buku mulibe. Ndikudziwa. Koma ashehe bambo awo anafera pa mphasa, ana atawazungulira. Ine ndinakula ndikuyang'ana njira. Ndiye iwe umalowa pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku, ine nditenge khasu ndizithira dothi pa dzenje lako? Dzanja linkakana.

Usaganize kuti ndinangokhala. Udzu wonse ndinatchetcha mpaka ku njanji. Mapale, zitini, tayala lija lomwera abakha, zonse ndinavundikira. Mitsuko ya madzi otawazira, osamba tisanaswali, ndinaiikira zivundikiro. Ndinakumba ngalande kuti madzi a m'nkhuti atuluke, koma ukudziwa kuno ndi kwa see, m'malo motuluka madzi a kwa anansi ndiwo anabwera kudzalowa. Che Jasten anandipatsa oilo wakutha, ndinathira pamwamba. Tizilombo tovinavina m'madzimo tinafa, abakha awiri anafanso. Mvula itagwa yamphamvu oilo anasefukira m'munda, tizilombo tinabwerera. Madzulo tinkafukiza ndowe za ng'ombe mpaka ana kutsokomola.

Zonsezi ndinachita, koma Sadiki anapita. Pa maliro anthu ankayang'ana ku nkhuti kenako n'kuyang'ana ine. Ndinati Mulungu analemba, ndipo malungo amabwera ndi kunyowa ndi mvula, tonse tinakula tikudziwa choncho.

Iwe ukumudziwa Zaina, chibwerere pakhomo pano sanayambe wandiyang'ana kumaso. Sadaka ya mwana itatha, anatenga botolo, anatunga madzi a m'nkhuti okhala ndi tizilombo tovinavina tija, anamanga kansalu kukamwa kwake, anadzaliika pakhonde pamene ndimayala mkeka woswalira. Anagwada, anaika, anachoka.

Ndinafuna kulitaya. Ndinalisiya kuti ndidzamuonetse kuti ndi zachibwana. Patapita masiku ndikumaliza swala ya m'mawa, ndinaona udzudzu uli m'kati mwa botolo, utakangamira kunsi kwa kansalu. Ndinalitembenuza uku ndi uku kufuna polowera. Panalibe. Ndinaliika pomwe linali, ndipo sindinauze munthu.

Ngakhale pamenepo sindinakwirire. Che Jasten akuti mawu amenewa ndingawasiye, ndawauza kuti alembe.

Kenako Binti anatentha thupi. Uyu tinathamanga naye tsiku lomwelo, anamubaya jakisoni, anagona kuchipatala, Mulungu anatibwezera. Koma wabwera miyendo ili ngati bango, m'maso muli mbee.

Tili chifikire, anatulukira Che Mohamedi, mjomba wake wa Zaina, mlongo wa mayi ake, kuchokera ku Rivirivi. Tiyi anakana. Anakhala pa mkeka wanga nandiuza kuti iwo anavomera chitengwa chifukwa cha ulemu wanga, koma mbumba ndi yawo, anangotibwereka. Anati mmodzi tamudya, wachiwiri satilola. Anati akadzabwera Lachisanu likubweralo n'kupeza madzi ali pomwepo, atenga Zaina ndi Binti, ndipo iwe ukadzabwera udzakwatire nkhutiyo.

Munthu sanandilankhulepo chotero pakhomo panga. Ndinagwira ndodo. Koma Binti anali atatsamira chitseko akutiyang'ana, ntchentche zikumutera pamilomo osatha kuziingitsa. Ndinaibweza ndodo. Ndinauza Che Mohamedi kuti ndamva, ayende bwino.

Kukulembera kuti undilole kunali kosatheka, kalata yopita ndi yobwera imadya mwezi ndi kuposa. Ndinaganiza ndekha, monga ndachitira moyo wanga wonse.

Vuto linali dothi. Ukakumba pena kuti ukwirire apa, wabereka nkhuti ina. Chulu chili kutsidya kwa njanji, ngolo ndilibe, mawondo ndakuuza kale. Ndinazungulira pakhomo ponse, ndinapeza kuti dothi la nkhuti imeneyi silinapite kutali. Linali poteropo, litasanjikidwa bwinobwino, likudikira malata ako.

Uladi, njerwa zako ndaphwanya. Zabwerera kumene zinachokera.

A Pitala atamva anati atumiza anyamata a chipani kuti adzathandize. Ndinakana. Sindifuna mawa munthu adzanene kuti Sufiyani anakwirira chifukwa choopa kabudula. Tinagwira ine, Zaina ndi Che Jasten akaweruka. Ine ndinkaswa ndi nyundo, Zaina ankasenza pa lichero lakutha. Madzi ankasefukira m'miyendo mwathu, onunkha, achule akuthawira m'chimanga. Pamwamba tinathira phulusa la uvuni ndi dothi la m'ngalande, tinapondaponda, ndipo ndabzalapo nthochi kuti zizimwa chinyezi chotsala. Njerwa zomwe zatsala sizingakwane ngakhale khitchini.

Che Mohamedi anabwera Lachisanu lija. Anayenda pamwamba pake, anadinda ndi chidendene, anapempha tiyi. Zaina ndi Binti ali pano. Udzudzu sunathe, wa kudambo umabwerabe, koma kulira kuja kwaleka, mwana akugona.

Sindikupepesa za njerwa. Ndinaumba ndine, ndaphwanya ndine, ndipo Mulungu akandisungira manja ndidzaumba zina, kutali ndi nyumba. Zaina usamukalipire, iye sanandipemphe kanthu ndi pakamwa. Ngati za Sadiki ukufuna wom'funsa, ndilipo, udzandifunse maso ndi maso. Pa kalata iyayi.

Chatsala chimodzi, chimene ndakulemberadi.

Njerwa yoyamba sindinalole wina aponye. Ndinaima m'mphepete, ndinalankhula mokweza kuti Zaina ndi Che Jasten akhale mboni. Ndinati nkhuti iyi si ya Uladi. Uladi sanagwirepo khasu apa. Anakumba ndine Sufiyani, thukuta lili m'menemu ndi langa, ndiye ngati pali munthu woti akwiriridwe nayo, ndi ineyo. Ndinatchula dzina langa ndi la bambo anga, ndinati Bismillah, ndinaponya.

Che Jasten anati ndachita zachikunja, Chisilamu ndi Chikhristu chomwe sizidziwa zimenezo. Mwina. Ndikayankha ndekha kutsogoloko.

Koma chichitire zimenezo, m'mawa uliwonse ndikadzuka n'kupeza ndili moyo, ndimayang'ana pa nkhuti paja. Ndimati kapena nkhutiyo sinandimve, ikufunabe iwe.

Ndiye ndikukupempha, ine amene sindinapemphepo munthu kanthu. Kalata iyi ikakupeza usadikire Lamulungu, usadikire malipiro. Yankha tsiku lomwelo. Ngakhale mawu awiri, ngakhale otukwana, ndidzalandira. Uikemo dzina lija mayi ako ankakuitana uli mwana, kuti ndidziwe kuti walankhula ndiwe, osati kalaliki wa pa mgodi. Sitima ya makalata ikalira ndimapita pa siteshoni, anthu ayamba kundiseka, ndilibe nazo ntchito.

Ndipo kontalakiti ikatha usaonjezere ina chifukwa cha njerwa. Bwera ngakhale wopanda sutikesi. Nyumba ya udzu ilipo, siidontha. Ine ndinayang'anira njira bambo anga, Binti asadzayang'anire njira bambo ake.

Upereke moni kwa Jimu mwana wa Che Kulusumu ngati mukadali komponi imodzi, umuuze kuti mayi ake ali bwino ndipo denga lawo tinafolera. Moni kwa onse a kwathu kuno amene uli nawo. Zaina akupereka moni, akuti alibe mawu ena. Binti ndamufunsa choti ndikuuze, akuti nsapato.

Mulungu akutsitse pansipo ndi kukutulutsa, lero ndi mawa, mpaka tidzaonane. Amina.

Ndine bambo ako,
Sufiyani.
Chala chadindidwa apachi ndi changa.