Dzina Langa Asalilembe Sitorus

Medan, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali Lian,

…ndiye ndinangoimirira pakati pa holo, malaya akununkhabe mafuta okazingira kwetiau, chakudya changa chogulitsa chija, nʼkunena kuti, “Pepani aphunzitsi, liwu limenelo mwalipotoza.” Holo yonse zii. Makolo zikwizikwi, Ajava, Abataki, Atamilu, mpaka mlonda anasiya geti kudzaona mlongo wanu.

Koma ndayambira pakati. Kusukulu kwa Jevon kunali tsiku la zinenero, mwana aliyense kuyankhula Chiindoneziya kenako chinenero china. Wathuyu anasankha Chimandarini chimene amaphunzitsa bambo Sitorus. Mwamva dzinalo? Mbataki weniweni, koma akatsegula pakamwa mungati wailesi ya ku Beijing. Kunyumba kwanga tsopano kulibe nkhani ina. Sitorus wati, Sitorus waseka, Sitorus wayetsemula. Ndikayankhula Chihokiyeni cha Mama, mwanayo amati, “Papa, chanucho nʼcha kumsika.” Ndimati, “Msika womwewo ndi umene wakunenepetsa masayawo, bwana.”

Tsono Sitorusyo anawapatsa ana a mʼkalasi mwake ntchito yoti aliyense alembe dzina la bambo ake mʼzilembo za makolo ake, azipachike pakhoma pansi pa mbendera. Jevon anabwera ndi pepala ine ndikukazinga.

“Papa, dzina lanu lachitchaina?”

“Lim Bun Hai. Medan yense akulidziwa.”

“Zilembo zake ziti?”

“Zomwezo. Choka, utsi ukulowa mʼmaso.”

Mukudziwa kuti nthawi yathu zilembozo boma silinkazilola ngakhale pachikwangwani cha sitolo. Inu munakazipeza ku Taiwan komwe munakwatiwako, ine ndinatsala ndi chiwaya. Mawa lake mwana anabwera akuwala nkhope. Akuti Sitorus wati mwina Bun ndi “malemba”, Hai ndi “nyanja”, koma afunse kaye kubanja popeza zilembo zomveka mofanana nʼzambiri. Nyanja ya malemba, achemwali. Ine. Mayi ake a Jevon anaseka mpaka kukhala pansi pakhitchini.

Akuti ndikalephera kupeza zilembozo, mwezi ukamatha Sitorus alemba yekha mongoyerekeza. Mwana wanga wamutenga kale, chabwino, amubweza akatopa ndi kadyedwe kake. Koma dzina limene Papa anandipatsa, Jevon aliwone koyamba likutuluka mʼdzanja la munthu wina? Ayi.

Chonde lembani zilembo zitatuzo zikuluzikulu, musonyeze mzere woyamba ndi wotsiriza, mutumize chithunzi pafoni ya alamu anu, mayi ake a Jevon. Yanga Jevon amaifufuza ngati wapolisi. Ndiphunzira tsiku limodzi, mukundidziwa mutu wanga. Ngati Papa ankatanthauza zina, monga “nyanja ya zakudya”, musabise, ndilandira.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Zonona za nyamakazi zija ndampatsira Acun, amene akubwera kumeneko, pamodzi ndi kalatayi.

Ndine mlongo wanu wotchuka,
Bun Hai

Za kuimirira muholo zija musauze munthu, sindinaimirire. Ndikanadziwa bwanji liwu lopotoka? Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo ndinaomba mʼmanja kuposa onse. Jevon atamaliza kuyankhula anakweza maso kufunafuna munthu. Ndinakweza dzanja. Iye ankafuna Sitorus.