Juzi Yofiira ya Amake Yamiko

Lolemba, 15 Julaye

Miyezi iwiri lero. Tsiku lomaliza lija ndimalikumbukira lonse, ngakhale linalibe chapadera. Pakhonde, tikutong'ola chimanga. Enelesi m'juzi yake yofiira ya pakaunjika. Dzuwa litakwera anaivula, juzi nkuthetheka. Anandikhudza khutu ndi chala, ine dzidzimu, ngati linthumbu landiluma. Kuseka kwakeko! "Mwaona bambo a Yamiko, moto ndikadali nawo." M'mawa mwake anagwa pamjigo. Kuchipatala cha kumishoni tinafika atatisiya kale.

Lero kunabwera a Falesi, akulu ake, kudzaona katundu woti agawidwe pa 27. Posolola juzi ija m'sutikesi, the the the! Pitikoti nkuwakakamira pamkono. Anataya pansi. Akuti malemu akukana, zovala zonse ziwotchedwe. Anandiyang'ana ngati ndine ndikudziwa chimene chawakwiyitsa. Ndine mkamwini pano, ngakhale ndathapo zaka zambiri. Ndinangotola juziyo.

Yamiko anaimba kuchokera ku Limbe, akufuna madiresi a amake. Ndimuuze kuti adzapeza phulusa?

Lachitatu, 17 Julaye

Mphepo yozizira, youma. Milomo kung'ambika.

Ndakumbukira Fomu Thuu. Aphunzitsi a fizikisi ankatikhulitsa bolopeni m'tsitsi, nkunyamula nayo timapepala. Ankati magetsi osayenda. Zina ndinaiwala, sukulu inathera chaka chomwecho.

Ndayesa ndi chipeso cha Enelesi. Chikadali ndi tsitsi lake m'mano, sindinachotse. Ndakhula pabulangete, ndayandikiza timapepala ta kalendala yakale. Tadumpha tokha, chipeso chisanatikhudze. Kachiwiri, chimodzimodzi. Ndi supuni, ayi, ngakhale ndakhula mpaka kutentha. Chifukwa chiyani chipeso, osati supuni? Ndipo pakati pa chipeso ndi pepala pali chiyani chimene chikukoka? Ndayang'anitsitsa. Mpweya basi.

Nkhuku ndaiwala kuzitsegulira mpaka teni koloko.

Loweruka, 20 Julaye

Ku Namitambo, kwa a Albert okonza mawailesi. Ndinanyamula juzi m'jumbo ngati wakuba.

Anafotokoza akuwotcherera waya, osandiyang'ana. Chinthu chilichonse chili ndi pulasi ndi mainasi, zofanana kuchuluka, ndiye chimakhala phee. Ukakhula zinthu ziwiri, china chimalanda mainasi wa chinzake. Cholandacho chatsala ndi wambiri, cholandidwa chaperewera. Kuthetheka kuja ndi mainasi akudumpha kubwerera kumene akusoweka. Nanga supuni? Akuti chitsulo sichisunga. Chimapatsira dzanja, dzanja lipatsira thupi, thupi lipatsira dothi. Pulasitiki ndi nayiloni ndiye zoumira, chimene zalandira chimakhala pomwepo.

"Mizimu ikanamakhala mu nayiloni, achimwene, pakaunjika pakanaponda ndani?" Ndaseka. Koyamba chichokereni pamaliro. Kenako manyazi.

Lamulungu, 21 Julaye

Ndalakwitsa.

M'mawa ndinang'amba timizere tiwiri ta jumbo, nkutikhula tonse pabulangete. Kutiyandikiza, tikuthawana ngati anthu odana. Koma kalikonse pakokha kakuthamangira bulangete. Zofanana zikankhana, zosiyana zikokana. Aphunzitsi aja ananenadi zimenezi, mawu abwera okha. Enelesi wolongolola, ine duu. Anthu ankadabwa kuti timakhalitsana bwanji.

Tsono pochokera ku Misa ndinati ndiwaonetse a Falesi kuti mitima ikhale pansi. Cholakwa changa: ndinatenga chipeso cha malemu chomwecho. Timapepala titadumpha, iwo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mtondo. "Alamu, ndiye mwayamba kuwaitana ndi chipeso chawo?" Za pulasi ndi mainasi sanamve nkomwe. Akuti pa 27 abwera ndi parafini.

Ndikanatenga bolopeni.

Lachitatu, 24 Julaye

Chiperoni chiyambire dzulo. Phiri silikuoneka, mvula yowaza, makoma kuzizira.

Ndinatulutsa juzi. Kukhula, zii. Chipeso, zii. Timapepala tangogona patebulo. Ndinakhula mpaka mkono kuwawa, kenako ndinangokhala pamphasa, juzi pamiyendo. Ndikudziwa kuti si iye. Ndakhala ndikuuza anthu kuti si iye. Nanga misoziyi?

Kumjigo amayi akandiona akutsitsa mawu.

Lachinayi, 25 Julaye

Dzuwa. Ndinayanika juzi pachingwe mpaka masana. Kuikhula ndi pitikoti, the the! Yabwerera.

Ndiye kuti ndi chinyezi. Ngati supuni ija: madzi akuba magetsi nkupita nawo asanaunjikane. Kuti nditsimikize ndinaviika zala m'ndowa, nkuwaza pang'ono. Kudikira. Kukhula. Chete. Kuyanikanso, kuthethekanso. Katatu konse. Madzi a pamjigo wamba.

Ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana kabotolo ka madzi odalitsa kamene Enelesi anapachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Ka Pasaka. Kakadali ndi theka.

Ngati Loweruka kudzakhale chiperoni, palibe vuto. Ngati dzuwa?

Loweruka, 27 Julaye

Dzuwa lowala, kopanda ndi kamtambo komwe.

Yamiko anafika pa kabaza kuchokera ku Njuli, maso otupa. Achibale pansi pa mtengo wa mango. A Falesi ndi parafini wawo m'botolo la Fanta.

Ndinapempha mawu amodzi. Ndinati malemu anali mkhristu, a m'bungwe la amayi, zovala zawo tisaotche tisanaziwaze madzi odalitsa. Zikathethekabe, machesi ndiyatsa ndekha. Palibe akanakana. Ndinayala zonse pamphasa nkuwaza, juzi ndi pitikoti kwambiri. Tinapemphera gawo limodzi la korona. Ine pakamwa Tikuoneni Mariya, mumtima kuwerenga ngati madzi alowerera.

A Falesi ananyamula juzi ndi zala ziwiri. Kukutumula. Kuikhula okha ndi pitikoti. Chete. Anagwada pansi nkulira, kulira kwenikweni kumene sanalire pamaliro. "Agona tsopano achemwali anga. Pepani alamu."

Tagawa. Madiresi onse ndi nsapato kwa Yamiko. Zitenje kwa a Falesi ndi azisuweni. Yunifolomu ibwerera kubungwe. Mapoto atsala m'nyumba mpaka ndidzaone kolowera. Juzi palibe anaifuna. Aliyense kuyang'ana kumbali. Ndinati ikhale.

Bodza sindinaname. Madziwo analidi odalitsa. Koma kuulula kwa bambo mfumu kapena ayi, sindikudziwa. Ndikayambira pati, pa mainasi?

Lolemba, 29 Julaye

Yamiko wabwerera ku Limbe, atavala diresi ya maluwa ya malemu. Chakumbuyo, ndi amake enieni. Ndinayang'ana kwina.

Chipeso ndachikulunga m'pepala, tsitsi lake momwemo, chili m'Baibulo.

Juzi yakhala pachingwe kuyambira m'mawa. Yauma gwa. Ndatseka chitseko ndi zenera kuti a Falesi asaone, ndaivala pamwamba pa malaya. Yothina m'mapewa, manja ofupika. Ndayenda nayo m'chipinda, nditavala nsapato za pulasitiki kuti dothi lisandibere. Kenako ndaivula msanga, monga ankachitira iye. M'kamdima ka m'chipindamo ndinaona timoto tabuluu, titatu kapena tinayi.

Mainasi akubwerera kumene akusoweka. Ndikudziwa.

Ndaivalanso.