Tsiku Limene Ndinaiwala Mayeso a Takondwa

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko munapitako?

Kuno ku Dubai kwayamba kutentha, moti zovala zimauma ndisanamalize kukolopa. Ndikadali pa nyumba ija ya ku Al Barsha, kulera ana awiri a Madamu. Mamasiki tikuvalabe, koma ndege zayambanso kuyenda. Sabata imene munatisiya zonse zinali zitaima chifukwa cha kolona, ine n'kuonera maliro anu pa foni, nditakhala pa ndowa m'chipinda chochapira.

Za kumudzi ndimangomva kwa achimwene a Yohane. Akazi awo abereka mwana wamkazi, ndipo amutcha Violeti, dzina lanu. Akuti ali ndi mphumi yanu yeniyeni. Kachewere wa kudimba wachita bwino, koma chimanga cha kumtunda chinagwidwa ndi mbozi. Mbuzi yanu yamawanga ija ikulowabe m'munda mwa aneba, ndipo palibenso wodziwa kupepesa mwanthabwala ngati inu.

Koma chimene chandikhazika pansi ndi nkhani ya mdzukulu wanu Takondwa. Ndamulakwira mwana wanga, Amayi, ndipo ndilibe wina woti ndimuuze zonse.

Ndinakusiyirani ali Sitandade 8. Inu simunaphunzire kuwerenga, koma masana alionse munkamukhazika pambali panu kuti awerenge manotsi mokweza, inu mukusenda mtedza. Akadodoma munkati, "Bwereza, pamenepo sunamvetse." Ku msonkhano wa makolo munkakhala kutsogolo. Ine ndikaimba n'kufunsa ngati katundu wafika, munkandiuza kuti, "Munda sulimidwa pa foni, Enelesi." Ndinkaseka, ndimayesa mukunena za chimanga.

Sukulu zitatsekedwa kuno, Laila, mwana wamkulu wa Madamu, anayamba kuphunzirira pa tabuleti. Amene ankakhala naye pa tebulo m'mawa ulionse ndine. Ndinadziwa maina a aphunzitsi ake onse, tsiku la mayeso alionse, ndi mawu amene amamuvuta kulemba. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha, koma makolo ake amakambirana kale za yunivesite imene adzapite. Wangayo ali Fomu 4, ine funso langa linali limodzimodzi: wadya?

Inu mutapita, Takondwa anasamukira kwa achemwali a Felesiya. Mayeso atayamba, ananditumizira uthenga wakuti mawa alemba bayoloje, ndimuimbire m'mamawa ndimupempherere monga munkachitira inu. Ndinayankha kuti ndiimba. M'mawa mwake Laila ankayenera kuonetsa aphunzitsi ake mapapo opanga ndi botolo ndi mabaluni. Baluni imodzi inaphulika, mwana n'kuyamba kulira, Madamu ali yalla, yalla kundifulumizitsa, ine n'kuthamangira ku shopu. Tinakonza, Laila anayamikiridwa, inenso ndinaomba m'manja. Za Takondwa ndinakumbukira patapita masiku awiri. Nditamuimbira anangoti, "Palibe kanthu, ndinalemba."

Zotsatira zitatuluka, anakhoza, koma bayoloje ndi masamu sizinafike pamene makoleji amafuna. Amayi, ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti ine ndikutsuka zimbudzi za eni m'dziko la eni, iye akusewera. Achemwali ndi amene anatenga foni n'kundiuza zimene ndinkayenera kudziwa kalekale. Miyezi itatu imene munadwala ija, amene ankakusambitsani, kukutembenuzani ndi kukupititsani kuseri anali Takondwa. Anzake akumvera maphunziro pa wailesi, iye anali kuchapa zofunda zanu. Atafika kwa achemwali, anapeza mapasa ofuna wowabereka.

Akuti munawaletsa kundiuza kuti ndisade nkhawa. Poyamba ndinakukwiyirani. Koma ndikaganiza bwino, mawu anu pa foni anali atachepa, ndipo Takondwa ankayankha ngati munthu wofuna kugona. Ndinkamva, koma sindinafunse, chifukwa ndinkaopa yankho lomwe sindikanatha kuchita nalo kanthu. Munkakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu ndaukwaniritsa bwino pa Laila. Wangayo ndi amene anasowa mwini.

Lachisanu, tsiku langa lopuma, ndinakwera sitima kupita ku Naif, kumene timakumana amayi a kwathu. Sindinalowe nawo m'misika. Ndinakhala pa benchi n'kuimbira a Gondwe, mphunzitsi wa kalasi ya Takondwa. Zaka zinayi mwana ali pa sukulu imeneyo, aka kanali koyamba. Nditatchula dzina langa, mayiwo anafunsa kuti ndine ndani wake. Iwo ankadziwa kuti Takondwa ndi wamasiye woleredwa ndi agogo. Masiki inandithandiza tsiku limenelo, anthu odutsa sanaone nkhope yanga.

Koma ndi munthu wabwino. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti mwanayu mutu ali nawo, akungofunika kubwereza chaka pa sukulu ya masana. Anandiuza maphunziro amene koleji iliyonse imayang'ana, nyengo imene mafomu amatuluka, ndi kuti asadzadalire malo amodzi okha. Ndinalemba zonse kuseri kwa pepala la zogula za Madamu. Kenako anandifunsa kuti Takondwa amafuna kudzakhala ndani. Ndinati mphunzitsi. Iwo anandiuza kuti ndikamufunse mwiniwake.

Ndinamufunsa. Akufuna kudzakhala mzamba, Amayi. Akuti inu munkadziwa kuyambira ali Fomu 1.

Tsopano ndagwirizana ndi achemwali kuti ikakwana nthawi ya sukulu, mapasa asamakhale pamsana pa Takondwa. Sizinawakomere, tinasemphana mawu, koma anavomera. A Gondwe ndimawaimbira mwezi ulionse. Lachisanu lililonse Takondwa amandifotokozera pa foni zimene waphunzira, ndipo ndikapanda kumva ndimafunsa mpaka andimveketse. Sabata yatha anandiphunzitsa m'mene magazi amayendera mu mtima.

Ndinamupepesa chifukwa cha tsiku lija, ndi chifukwa cha mawu anga. Anati wamva. Sanati wandikhululukira, ndipo sindinamukakamize. Mpaka pano amene amayamba kuimba ndine. Amandiyankha mwaulemu, ulemu uja wopatsa mlendo, ndipo umandiwawa kuposa mwano.

Ntchito sindingaisiye, chifukwa koleji imene tikuikonzekerayo idzadalira manja omwewa. Koma ndapempha Madamu tchuthi mwezi wa mayeso. Anati inshallah, mawu amene kuno amatanthauza inde kapena ayi. Ndinawayang'ana m'maso koyamba chifikireni pa nyumbayi, n'kuwauza kuti mwezi umenewo ndidzapita kwathu, andiloleze kapena ayi.

Ndiye lonjezo langa ndi ili. Ndidzabwera. Tsiku lililonse la mayeso ndidzamuperekeza mpaka pa geti, n'kumudikira pomwepo mpaka atuluke. Kwa inu ndidzafika akadzamaliza pepala lomaliza, ndidzapempha achimwene andiperekeze ndidzaone pamene munagona. Musadzadabwe kuti ndakhala masabata awiri m'mudzi osakuonani. Ndikudziwa kuti nditayambira kwa inu, mukhoza kundibweza.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Enelesi