Ubongo wa Khoswe Wada Bii

Lachinayi, Juni, ku Kabwata. Kwazizira, ndipo ndakwiya.

Milungu itatu ndakhala mu labu kutsata njira ya mitsempha ya khoswe, kuchokera patsinde pa ubongo kukafika pamwamba pake. Lero ndinadula ubongowo tizidutswa topyapyala, n'kutiviika mu utoto umene umadetsa mitsempha yokhayo tikuifuna. Tizidutswato timayenera kukhalamo mphindi makumi awiri basi.

Nditangoviika, analowa a Mwansa, tcheyamani wa Chipani pantchito pathu, amene sanagwirepo khoswe chibadwire. Akuti tonse tikaime m'mbali mwa msewu wa ku eyapoti, kukubwera mlendo wa boma.

"Ba Phiri, kwelani lole."

"Ba Mwansa, nilindileniko pang'ono chabe."

"Makoswe yanu yali na kadi ya Chipani?"

Ndinakwera. Tinaima maola anayi, mlendoyo n'kudutsa atatseka magalasi a galimoto.

Pobwerako ndapeza tizidutswa tonse tada ngati makala, njira osaonekanso. Dokotala wamkulu wa labu, amene kumsewu kuja amakupiza mbendera pambali panga pomwe, wandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira ntchito. Mawa alemba kalata yonena ngati ndikuyenera kupita ku kosi yopitiriza maphunziro. Nditchule a Mwansa bwanji, pamene kalata yomweyo amaisainanso ndi iwo?